"Ndi ukalamba basi": zomwe phunziro la teremu ino landisintha

Teremu ino tinali ndi phunziro la matenda a anthu okalamba, ndipo ndivomere kuti ndinaliyamba monyozera. Pa maphunziro onse a unamwino omwe ndadutsamo, ili ndinkaliona ngati lopumirapo. Za amayi oyembekezera zimafuna mutu, za ana zimafuna masamu a milingo ya mankhwala, koma za okalamba? Mumtima ndinkati munthu wakula, thupi latha, nkhani yathera pomwepo.

Mayeso apakati pa teremu ndiwo anandichotsa chimbenene. Ndinali nditaloweza mayina a matenda ngati nyimbo ya kwaya: bipi, shuga, sitiroko, ng'ala, nyamakazi, kuiwalaiwala. Funso linabwera mwina. Linkati tifotokoze kusiyana kwa mtsempha wa magazi wa munthu wa zaka 70 ndi wa munthu wa zaka 20, ndi mmene kusiyanako kumabalira matenda. Ndinazungulirazungulira tsamba lonse, pomaliza n'kulemba kuti zonsezi zimachitika chifukwa cha ukalamba. Pepala litabwerera ndinapeza aphunzitsi azunguliza mawu amenewo ndi cholembera chofiira, pambali atalemba kuti: "Ili ndi yankho la pamaliro."

Zinandiwawa, koma sananame. Pamaliro a munthu wamkulu kwathu ku Ntcheu, wolengeza akati "malemuwa anali atakula, ndi ukalamba basi," anthu onse amagwedeza mutu ndipo palibe amafunsanso. Pasiwa mawu amenewo ndi abwino, amatonthoza. Koma ine ndinali nditawanyamula n'kulowa nawo m'kalasi, ndipo ndikanalowa nawo mu wodi.

Ndiye ndinayambiranso, kuyambira pansi penipeni, pa selo, kanthu kamoyo kakang'ono zedi komwe ndi njerwa yomangira thupi lonse.

Kale akatswiri a sayansi ankakhulupirira kuti maselo, ukawachotsa m'thupi n'kumawadyetsa bwino m'botolo, sangafe. Ankatengera Alexis Carrel, yemwe kuyambira 1912 ankati akusunga maselo a mtima wa nkhuku amoyo kwa zaka zambirimbiri. Mu 1961, ku Wistar Institute mumzinda wa Philadelphia, Leonard Hayflick ndi mnzake Paul Moorhead anaonetsa kuti si choncho. Maselo abwinobwino a munthu amagawikana kokwana pafupifupi ka 50, kenako amaima. Chomwe chinandizizwitsa n'chakuti ngakhale awaumitse mufiriji n'kudzawasungunula patapita nthawi, ankapitiriza kuwerenga pomwe analekezera. Ndiye kuti selo lili ndi posungira chiwerengero.

Posungirapo ndi kunsonga kwa makromozomu (timaulusi ta m'kati mwa selo tonyamula DNA, yomwe ndi malangizo a chibadwa chathu), pa tizigawo totchedwa telomere. Ine ndinatimvetsa nditaganiza za mpendero wa chitenje. Mpendero si maluwa a nsaluyo, koma ukatha nsalu imayamba kusomoka ulusi. Selo likagawikana, mpendero uja umafupikako pang'ono, mpaka kufika poti selo limaleka kugawikana. Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chofukula za telomere ndi za telomerase, yomwe imatha kuwonjezera mpenderowo.

Apa ndinafunsa funso lomwe mwina aliyense amafunsa: bwanji thupi silingowonjezera mpenderowo nthawi zonse, ife n'kusakalamba? Yankho lake ndi khansa. Selo lomwe limagawikana mosalekeza, lopanda chowerengera, ndilo selo la khansa, ndipo makhansa ambiri amachitadi zimenezo podzutsa telomerase. Kuima kwa selo ndi buleki yomwe imatiteteza tili achinyamata. Vuto n'lakuti selo loimalo silifa msanga. Limakhala pomwepo ngati chikuni chachiwisi, chosayaka koma chongofuka, n'kumatulutsa timadzi totupitsa minofu yoyandikana nayo. Maselo otere akachuluka, thupi limakhala ndi kutupa kwa pansipansi kosamveka kuwawa, komwe kumadya mitsempha, mafupa ndi ubongo mwakachetechete.

Koma ndisanamize anthu kuti telomere ndiye yankho la zonse, monga ndinkaganizira sabata yomwe ndinazitulukira (ndinawatopetsa anzanga kuhositelo). Maselo a ubongo ndi a mnofu wa mtima sagawikana kwenikweni, koma nawo amakalamba. Pali kuwonongeka kwa DNA komwe kumaunjikana, pali kufooka kwa mitochondria zomwe zimapanga mphamvu m'selo, pali mapuloteni opindika molakwika omwe selo limalephera kusesa. Mu 2013 gulu la Carlos López-Otín linasanja zizindikiro 9 za kukalamba kwa selo, ndipo mu 2023 anazionjezera kufika 12. Sindinaziloweze zonse. Chomwe ndinatolapo n'chakuti ukalamba ndi kuchepa kwa mphamvu yokonza zowonongeka, pomwe matenda ndi malo enieni omwe kuwonongekako kwafika podula ntchito. Choyambacho sitingachiletse. Chachiwiricho chili ndi dzina, chili ndi poyambira, ndipo nthawi zambiri chili ndi pogwira.

Funso la mtsempha lija tsopano ndikhoza kuliyankha ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Khoma la mtsempha waukulu lili ndi ulusi wotamuka wotchedwa elastin. Wambiri umapangidwa munthu asanabadwe ndi ali mwana, ndipo ukaduka thupi silibwezeretsa bwino. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo kugunda kulikonse kumatamula khomalo. Chulukitsani ndi zaka 70. M'malo mwa ulusi wotamuka mumalowa collagen wolimba, shuga wa m'magazi amamata ulusiwo pamodzi, laimu amakhazikika. Aliyense amene anapangapo legeni akudziwa kusiyana kwa mphira watsopano ndi mphira wa chubu chakale chomwe chakhalitsa padzuwa. Magazi akamapopedwa m'mtsempha wosatamuka, nambala yapamwamba ya bipi imakwera, ngakhale yapansi ikhale pamalo pake. Kukankha kumeneko kumang'amba kakhungu ka m'kati mwa mtsempha, mafuta amalowa m'ming'alumo, njira imachepa. Kuchokera pamenepo nthambi zake ndi mtima, impso, maso ndi ubongo.

Pa holide ya pakati ndinabwereka makina oyezera bipi kwa mnzanga n'kupita nawo kumudzi. Ndinawapeza agogo aakazi pakhonde akutongola chimanga m'lichero.

"Agogo, ndikuyezeni magazi."

"Ndadwala kodi? Kapena mwabwera kudzaphunzirira pa ine, adokotala athu?"

Anaseka, koma anatambasula dzanja. Lamba atayamba kufufuma anati ndikuwamanga ngati mbuzi yopita kumsika. Makina analemba 178 pamwamba, 84 pansi. Ndinadikira, n'kuyezanso, ndipo mawa lake m'mawa ndinabwereza. Sizinasinthe kwenikweni. Malire omwe timaphunzitsidwa ndi 140 ndi 90. Nditawapempha kabuku kawo ka kuchipatala, anakatulutsa m'jumbo ya shuga momwe amasungamo makadi a mpingo. Munali molembedwa kale, zaka zitatu zapitazo, kuti ali ndi bipi ndipo anapatsidwa mapiritsi a mwezi umodzi.

"Nanga munasiyiranji, agogo?"

"Anatha. Ndipo ndinachira, mutu unasiya."

Sindinawadzudzule, chifukwa nzeru yawoyo ndi yomwe tonse tinakula nayo. Malungo umamwa mankhwala masiku atatu n'kuchira. Chibayo chimodzimodzi. Matenda omwe sapweteka, omwe mankhwala ake ndi a moyo wonse, ndi achilendo m'maganizo athu. Onjezanipo mtunda wopita kuchipatala ndi ndalama ya kabaza mwezi ndi mwezi. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Ndikuwerenga chiwerengero chimenecho m'kalasi sindinaganize kuti mmodzi wa anthu otere amandiphikira thelere.

Pa chakudya chamadzulo ndinaona china. Ndiwo zinali usipa wouma, wothira mchere pophika, ndipo agogo anatapanso wapambali. Amati masiku ano ndiwo sizikoma ngati kale. Apanso sakunama: lilime ndi mphuno zimagontha munthu akamakula, ndiye amawonjezera mchere kuti amve kukoma, pomwe impso zake zayamba kuvutika kuutaya. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa mu buledi ndi wina aliyense.

Sitiroko ndinkaidziwa ndi dzina lina ndili mwana. Munthu akagwa mwadzidzidzi kumunda, pakamwa n'kupotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi n'kufa, anthu ankanong'ona kuti wamenyedwa hamala. Tsopano ndikudziwa kuti hamalayo imakhala m'kati. Mwina kachibuma ka magazi katseka mtsempha wopita ku ubongo, mwina mtsempha wotopa uja waphulika. Mbali ya ubongo yomwe yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo poti mitsempha ya ubongo imapingasa, kuvulala kwa kumanzere kumapha ziwalo za kumanja. Maola omwe banja limataya likukambirana za yemwe wachita ndi omwewo omwe wodwala amafunika kukhala ali kuchipatala.

Za maso zinandikomera kuposa zonse, mwina chifukwa ndi nkhani yomwe imatha bwino. M'diso muli kagalasi kopangidwa ndi mapuloteni otchedwa crystallin. Omwe ali pakatikati pa kagalasiko munthu amabadwa nawo ndipo sasinthidwa mpaka imfa. Kagalasi kakayamba kuuma, cha m'ma 40, munthu amayamba kutalikitsa foni kapena buku la nyimbo kuti aone zilembo. Mapuloteni aja akayamba kuundana chifukwa cha zaka, dzuwa, fodya kapena shuga, kagalasi kamachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Imeneyo ndiyo ng'ala, ndipo ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa nthenda ina iliyonse. Koma opaleshoni yake ndi ya mphindi zowerengeka: amachotsa kagalasi kowonongeka, kuika kapulasitiki, mawa lake n'kumasula bandeji munthu akuona. Ku Nkhoma amachita, ku chipatala cha maso cha Lions SightFirst ku Blantyre amachitanso. Agogo diso lawo lakumanzere layera, ndipo akhala akungoti ndi maso a ukalamba. Anasiya kupita okha kuchigayo chifukwa cha diso limeneli.

Mafupa ndiwadutsa mwachangu. Fupa limagumulidwa ndi kumangidwanso moyo wonse. Mpaka cha m'ma 30 omanga amapambana, kenako ogumula amayamba kutsogola, makamaka kwa amayi akasiya kusamba chifukwa homoni ya amayi yotchedwa estrogen, yomwe inkagwira ogumulawo, yatsika. N'chifukwa chake gogo wongoterereka kubafa amathyoka m'chiuno. Nyamakazi ya m'mawondo ndi kuperepeseka kwa kamnofu koterera ka kunsonga kwa mafupa, komwe kalibe mitsempha ya magazi, motero sikachira msanga. Chomwe ndikufuna kutsindika pano ndi mankhwala. Agogo ambiri amagula bufeni kapena indosidi pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku ngati mtedza. Mapiritsi amenewa amakweza bipi, amakanda m'mimba mpaka zilonda, ndipo amapanikiza impso zomwe zatopa kale. Wodwala mawondo amatha n'kudwala impso, ife n'kunenanso kuti ukalamba.

Chitetezo cha m'thupi nacho chimakalamba. Kachiwalo ka thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa, komwe maselo ena oteteza thupi amaphunzirira ntchito, kamayamba kufota munthu akangotha msinkhu. Chitsanzo chabwino ndi mashingozi. Kachilombo ka katsabola komwe munthu anadwala ali mwana sikachoka, kamabisala m'mitsempha ya pafupi ndi msana, n'kudzatuluka chitetezo chikatsika. Kuno kwathu tinazolowera kuti mashingozi ndi chizindikiro cha HIV, ndipo kuyezetsa n'koyenera ndithu, koma gogo wa zaka 75 akhoza kutuluka mashingozi chifukwa cha zaka zokha. Mbali inanso n'njakuti ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2004. Amene anayamba kumwa ali ndi zaka 40 pano adutsa 60. Anapulumuka, ndipo tsopano akukumana ndi bipi, shuga ndi impso ngati wina aliyense, mwinanso msangako. Cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Lero ndi zopitirira 60. Okalamba akuchuluka, ndipo ife amene tikuphunzira pano ndi amene tidzawalandire.

Sabata ya matenda a ubongo ndiyo inandisowetsa tulo, pa chifukwa chosakhudza mayeso.

Mu 1901, ku chipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt ku Germany, dokotala Alois Alzheimer analandira mayi wa zaka 51 dzina lake Auguste Deter. Mayiyu ankaiwala zomwe wangouzidwa, ankasochera m'nyumba mwake momwe, ankakayikira mwamuna wake, ankakuwa usiku. Atamwalira mu 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake ndipo anapeza zinthu ziwiri: timibulu tounjikana pakati pa maselo, ndi ulusi wopiringizana m'kati mwa maselowo. Lero tikudziwa kuti timibuluto ndi puloteni ya amyloid, ulusiwo ndi puloteni ya tau. Nthendayi kawirikawiri imayambira kumbali ya ubongo yomwe imasunga zinthu zatsopano, yotchedwa hippocampus. N'chifukwa chake wodwala amatha kukufotokozerani za njala ya 1949 mwatsatanetsatane, koma n'kumalumbira kuti sanadye chilichonse mbale ili pambali pake. Ikamafalikira, munthu amasokoneza usana ndi usiku, amatuluka kukafuna kwawo komwe anakulira, amavula zovala osadziwa kuti ali pagulu, amatchula anthu omwe anamwalira kalekale ngati ali pomwepo. A WHO amati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali ndi matenda a kuiwalaiwala, omwe ali ndi mitundu ingapo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu uwu wa Alzheimer.

Aphunzitsi akutchula zizindikirozi, ine ndinkaona munthu. Ndili wamng'ono, kumudzi kwathu kunali gogo wina yemwe ankakhala yekha kanyumba ka kumapeto. Tsiku lina m'bandakucha anapezeka kuseri kwa nkhokwe ya eni, ali chivulire, akuitana mayi ake. Mudzi wonse unati wagwa pa ndege ya ufiti. Atamufunsa ngati amatamba, anavomera. Ankavomera chilichonse chomwe wafunsidwa. Kuyambira pamenepo ife ana tinkathawa tikamuona, ndipo ndikukumbuka bwino kuti tsiku lina ndinamugenda ndi chibuma ali pachitsime, anzanga akuseka. Anangotembenuka n'kundiyang'ana ngati akufuna kukumbukira kuti ndine mwana wa yani. Anamwalira patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pamaliro pake panali anthu ochepa.

Sindingathe kumuyeza lero, koma chilichonse chomwe ndikukumbukira za iye chili m'notsi zanga, mzere ndi mzere. Ndipo iye anali ndi mwayi poyerekeza ndi ena. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu powanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo lili ku Lilongwe, gogo ali kumudzi. Sikuti aliyense wonamiziridwa amakhala wodwala ubongo. Pena nkhani imakhala ya munda kapena nsanje. Koma nkhope yomwe timati ya mfiti, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, msana wopindika, kuyankhula yekha, kuyenda usiku, ndi nkhope ya matenda omwe ndikulembera mayeso.

Chomwe chinandibweza kwa agogo anga n'chakuti mtundu wachiwiri wofala wa matendawa umachokera ku mitsempha ija. Timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo tikamatsekeka kamodzikamodzi chifukwa cha bipi kapena shuga, munthu samagwa, samapotoka pakamwa, koma nzeru zimatsika ngati akutsika masitepe. Alzheimer ilibe mankhwala ochiritsa. Koma mtundu uwu, piritsi la bipi lomwe agogo anasiya lija ndi limodzi mwa zotchinga zake.

Ku wodi ndinaphunziranso kuti si kusokonezeka kulikonse komwe kuli kokhalitsa. Anabwera ndi bambo wina wachikulire, akubwebweta, akuzula chilichonse chomwe tamuika. Mwana wawo, yemwe anali gadiyani, anati, "Mutu unazungulira basi, akula." Sisitala wa pa wodiyo anangofunsa funso limodzi: "Zayamba liti, achimwene?" Anati dzana. Sabata yatha bambowo ankapalasa njinga okha kupita kumsika. Sisitala anandigwira dzanja n'kuliika pansi pa mchombo wa wodwalayo. Panali potupa, polimba ngati mpira. Prostate, yomwe imakhala pansi pa chikhodzodzo mozungulira njira ya mkodzo ndipo imakula mwa abambo ambiri akamakalamba, inali itafinya njira ya mkodzo, chikhodzodzo n'kudzaza, majeremusi n'kuswana. Atawaika kapaipi ndi kuwayambitsa mankhwala, tsiku lachitatu ndinawapeza atakhala tsonga akufunsa yemwe akudyetsa nkhumba zawo. Okalamba nthawi zambiri satentha thupi akadwala. Chibayo kapena matenda a mkodzo amaonekera m'mutu. Kuiwala kwa miyezi ndi zaka n'kwina, kusokonezeka kwa dzana n'kwina. Funso la sisitala lija ndalilemba pachikuto cha notsi zanga.

Mayeso omaliza ali sabata ziwiri kutsogoloku. Ndasiya kuloweza mindandanda. Ndimatenga pepala, kulemba chiwalo chimodzi pakati, n'kudzifunsa kuti chimapangidwa ndi chiyani, n'chiyani mwa zimenezo chomwe thupi silibwezeretsa, ndipo chikatha munthu adzabwera akudandaula chiyani m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha m'buku. Parkinson ndi shuga sindinazifike bwino, ndipo mankhwala a mtima akundizunguzabe mutu.

Dzulo ndinaimbira amalume. Akuti agogo anayambiranso mapiritsi, ndipo amalume ndi amene akumakawatengera pa njinga mwezi ukatha. Za diso avomera, koma akuti adikire akolole kaye. Atawapatsa foni anandifunsa ngati kusukuluko akutiphunzitsanso kuphika, chifukwa ndiwo zomwe ndinawasiyira malangizo zija akuti ngakhale galu akuzinunkhiza n'kuchoka. Amalume akuti kachitini ka mchere wapambali anakabisa pa denga, koma agogo anakapeza.